Theka Lopita Pansi

Sendezani mbaulayo kuno, miyendo yanga yazizira. Ndipo iwe amene ukuti tikanakhala ndi sola sitikanakhala mumdima chonchi, takhala chete kaye. Ine ndagwira unamwino mpaka imvi izi. Ndalandira ana, ndatseka maso a akufa, ndipo sindine munthu wothawa mthunzi wa nthochi. Koma mpaka lero ndikamva phazi la munthu likuyenda pa malata masana, ndimathamangira kunja kukaona amene wakwera. Mverani ndikuuzeni chifukwa chake.

Nthawi imeneyo ndinali pa kachipatala kena ka kumudzi, kuseri kwa mapiri a ku Dedza. Dzina sinditchula, poti kalipobe ndipo amayi akuchirirabe komweko. Magetsi a mapolo anali asanafikeko. Tinkadalira mapanelo a sola amene anayalidwa padenga la chipinda cha amayi. Mabatire anali m'kachipinda ka pambali, pamodzi ndi bokosi lija amati inveta, lomwe limasandutsa mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi a m'nyumba. Bokosilo linali ndi kanyali. Kakakhala kobiriwira, mtima unkakhala m'malo. Kakafiira, tinkadziwa kuti mabatire sakudya.

Amene anatiikira zonsezi anali a Kachingwe, mmisiri wa pa boma, munthu wamfupi, wa ndevu zosapesa, wocheza ndi mawaya kuposa anthu. Tinkawaseka kuti makolo awo analosera ntchito potenga dzina limeneli. Tsiku lomaliza anatitengera kuseri kwa chipatala natisonyeza chitsulo chofiirira chimene anakhoma pansi, waya wobiriwira atamangidwa kumutu kwake.

"Iyi ndi ethi," anatero a Kachingwe. "Magetsi akasochera, m'malo mopha munthu amathawira pansi kudzera apa. Koma nthaka youma siimwa magetsi. Madzi okolopera aja muzithira pano tsiku ndi tsiku."

Tinamvera. Chaka chonse malo amenewo ankakhala onyowa ndi ofewa, pali timaudzu tobiriwira, pamene kwina konse kuli gwaa. Mawu amenewa muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Ndiye kunabwera chisanu cha Julaye, chija cholowa m'mafupa. Anatibweretsera pa ngolo mtsikana wina dzina lake Edesi, mimba yoyamba, miyezi isanakwane. Womudikirira anali mkulu wake, a Filesi, mayi wamtali wosakonda kulankhula. Edesi anali ndi mapasa. Woyamba anali wamkazi, kamwana kokwana m'manja awiriwa, kopuma mokoka. Wachiwiri anali wamwamuna, ndipo sanalire. Ndinamupukuta, ndinamupopa mpweya, ndinamuitana ndi mayina onse amene ndimaitanira ana ouma mutu, koma ayi ndithu.

Inu ana a m'tauni mwina simudziwa mwambo wa mtayo, mwana wobadwa atafa kale. Sakumbira manda, salirira, ndipo amuna sauzidwa kumene wagona. Amayi okha ndi amene amamutenga mbandakucha n'kukamuika kudambo, pa dothi lonyowa, m'dzenje losazama, ati kuti mimba ya mayi wake isaume. A Filesi anamukulunga m'chitenje, natuluka ndi amayi ena awiri, khasu lili m'manja. Sindinafunse kanthu, poti sizifunsidwa. Ndinangodabwa pang'ono kuti abwerako msanga chikhalirecho dambo linali kutali, koma manja anga anali pa wamoyo.

Wamoyoyo tinamugoneka pa kabedi kotenthetsa, tinamuika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Zonse ziwirizi zinkadya magetsi. Kumuika pachifuwa pa mayi wake sikukanatheka, chifukwa Edesi anali atataya magazi ambiri, thupi lili moto, akunjenjemera osadziwa kumene ali. Ambulansi inali pa miyala, yopanda matayala. Kumukweza pa njinga yamoto m'chisanu chimenecho kunali kungomupereka. Moyo wa kamwanako unali padenga.

Dzuwa litatuluka ndinasuzumira m'kachipinda muja. Kanyali kanali kofiira.

Ndinakwera pachulu pamene timapezera netiweki n'kuimbira a Kachingwe. Iwo sanatekeseke. Anati ndi mame chabe, alowa penapake polumikiza mawaya, dzuwa likakwera pauma, kanyali kabwerera. Dzuwa linakwera, malata anatentha, kanyali kali psuu. Ndinaimbanso. Anati ali kutali ndi ntchito ina, afika m'mawa mwake.

Tsiku limenelo kunachitika tinthu ting'onoting'ono tomwe pa nthawiyo sindinatilabadire. Tinkamukama Edesi mkaka m'kakapu kuti tizimudonthezera mwana. Ndikadzaza kakapuko n'kutembenuka kuti ndisambe m'manja, ndinkapeza kafika pakati. Ndinakalipira a Filesi kuti akutaya mkaka ndi chigongono, iwo anangondiyang'ana. Tinamuveka mwana timasokosi toluka, koma posakhalitsa kamodzi kanasowa. Tinakutumula nsalu zonse osakapeza. Kamwana kosatha n'kutukula mwendo komwe kangavule bwanji sokosi? Ndinati ndi kutopa kwanga. Mabatire anatipirira usiku umenewo ndi chakudya cha dzulo lake, koma pofika m'mawa anali atatsala pang'ono kugona.

A Kachingwe anafika kutacha, mphuno ikuchucha ndi chisanu, makwerero opinda atamangidwa kumbuyo kwa njinga.

"A Nesi, mwadzuka bwanji? Wodwala wanga ali kuti?"

"Wodwala wanu ali m'kachipindamo," ndinayankha. "Wanga ndi uyu. Wanu akapanda kuchira dzuwa lisanapendeke, mabatire sadya, ndipo wanga safika mawa."

Anasuzumira pa kabedi, nthabwala zonse zinathera pomwepo. Analowa m'kachipinda, anawerenga zolemba pa bokosi lija, kenako anatuluka akukanda ndevu.

"Likuti magetsi akudontha, akuthawira pansi. Likamva choncho limadzitseka lokha kuopa moto. Penapake waya wasupuka ndipo wakhudza chitsulo. Mwina khoswe watafuna, mwina lata lamucheka, mwina madzi alowa. Ndi matenda odziwika awa, musadandaule."

"Simungalinamize kuti liyake kaye, vutolo mulifune bwino pambuyo?"

"Ndikadula ethi liyaka, inde. Koma denga lonseli likhala msampha. Wogwira lata kapena mpopi, mudzanyamula mtembo. Zimenezo ine ayi, a Nesi."

Anazimitsa zonse za padenga nakwera. Ine ndinkangoyenda pakati pa mwana ndi khomo ngati nkhuku yofuna poikira. Ali pamwambapo ankandifotokozera mofuula, poti munthuyo akagwira ntchito pakamwa pake pankatseguka. Anati mapanelo amagwirana manja pa mzere umodzi. Ukayeza ndi mita, kachipangizo koyezera magetsi kaja, kuchokera kumapeto kwa mzere kupita ku ethi, nambala imene yatuluka imakuuza pamene pali bala la waya, kaya pafupi, kaya patali.

"Theka la mphamvu!" anafuula. "Mbali iyi theka, mbali inayi theka. Bala lili pakati penipeni. Tathana nalo ili."

Ndinamva akukwawa pa malata kupita pakati. Anamasula, anatukula mapanelo, anasisita waya aliyense ndi zala kuyambira kumutu mpaka kumchira. Panalibe potafunidwa, panalibe popsa, ngakhale ndowe ya khoswe. Ndiye anadula mzerewo pawiri kuti aone mbali yodwala. Anayeza mbali yoyamba, theka. Anayeza yachiwiri, thekanso. Kufuula kuja kunayamba kuchepa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero, koma ankadziuza okha, osati ine.

Anagawanso, nayezanso. Dzuwa linali likukwera, ndipo dzuwa lonselo linkangopita pachabe. M'chipinda makina a mpweya anali atayamba kulira mosintha mawu. Nditatulukanso ndinapeza a Kachingwe ataima chilili pamsonga pa denga, akuyang'ana kuseri kwa chipatala.

"A Nesi, mwana akulira kuseriku ndi wa yani?"

"Kuseriko kulibe chipinda. Ndipo mwana tili naye mmodzi yekha, alibe ndi mphamvu yolirira yomwe."

"Ndiye kaya ndi mphaka," anatero. Anasisita m'matumba. "Tepi yanga ndinaika apa, yathunthu. Taonani, yatsala theka. Ndamata chiyani ine?"

Ndinakumbuka kakapu ka mkaka ndi kasokosi kaja.

Dzuwa lili paliwombo, a Kachingwe anachita chinthu chimene anati sanachitepo. Anamasula panelo limodzi, analitsitsa pansi, naligoneka pa benchi youma ya matabwa pabwalo, losakhudza lata, losakhudza chitsulo, losalumikizidwa ku kanthu. Anati panelo lotere silingadonthe, poti lilibe njira. Anagwiritsa nsonga imodzi ya mita pa waya wa panelolo, inayo pa waya wobiriwira uja wotsika pakhoma. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandikodola.

"Theka," anatero chapansipansi. "Koma si zokhazo. Taonani mmene ikuchitira nambalayi. Bala la waya silichita chonchi. Likakhudza lakhudza, likasiya lasiya."

Ndinawerama. Nambala inkatsika n'kukwera, kutsika n'kukwera, mofulumira, kangapo. Kenako inkaima pang'ono. Kenako n'kuyambiranso. A Kachingwe zinawasokoneza, koma ine ayi. Ndakhala zaka zambiri pambali pa amayi ongochira kumene, ndikuyang'ana timasaya tikulowa ndi kutuluka. Kukoka, kukoka, kukoka, kupuma. Ndikukuuzani zoona, mwana wanga womaliza anali atakwatiwa kale, koma mabere anga analasa ngati mkaka ukubwera.

"Akuyamwa," ndinatero.

"Mwati chiyani?"

"Palibe."

A Kachingwe anapukuta thukuta m'chisanu chomwecho. Anati ngati vuto silili kumwamba ndiye kuti lili pansi, akaone chitsulo chija. Ananyamula chikwama nayamba kuzungulira nyumba. A Filesi, amene m'mawa wonse anali atakhala pakhonde, anadzambatuka nathamanga kukaima pangodya, manja atatambasula.

"Abambo, kumeneko amuna safika."

"Mayi, chitsulo chili kumeneko ndinakhoma ndine, ndi manja angawa."

"Ndati amuna safika."

Pamenepo ndi pamene zonse zinagwirana m'mutu mwanga. Ndinakokera a Filesi pambali.

"A Filesi, ndiyang'aneni. Kudambo munafika?"

Anagwetsa nkhope. "A Nesi, kudambo n'kutali, ndipo chisanu chija munachiona. Tinayesa kuseri kwa mpanda, khasu linkangodunda. Ndiye tinaona pofewa, ponyowa bwino, pali ndi timaudzu. Tinati dambo n'chiyani, si dothi lonyowa? Tinati Mulungu watichitira chifundo."

"Chitsulo simunachione?"

"Tinachiona. Tinati chikhala chizindikiro. Tinamugoneka mochitsamira."

Ndinafuna kuwatukwana, koma ndiwatukwane chiyani? Anachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo madziwo tinkathira ndife. Ndinati timufukule tikamuike koyenera. A Filesi anagwira kumutu, anati mtayo safukula, tikatero Edesi sadzuka pa bedipo. A Kachingwe anali atamva zokwanira. Anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso.

"Za kuseriko sindikuzidziwa ndipo musandiuze," anatero. "Ine ndikudziwa kuti ndili ndi chitsulo china pa njinga. Ndichikhoma kutsogolo kuno, ndisamutsa waya. Chakalecho chikhale."

Anakhoma chitsulo chatsopano pafupi ndi khomo, ife tikuthira madzi ndi ndowa kuti chilowe. Anabweza panelo lija padenga, analumikiza mizere yonse, anadula waya wobiriwira pakhoma la kuseri ali pamwamba pomwepo, namukokera kutsogolo. Anayatsa. Bokosi linaganiza pang'ono, ndipo kanyali kanabiriwira. A Filesi anaomba m'manja. Ine ndinathamangira mkati mtima uli mbee.

Kabedi kanali kofunda bwino. Makina a mpweya ankalira mawu ake abwino. Koma mwana anali akuzizira. Ndinagwira nsalu, yotentha. Ndinagwira mwana, ngati mwala wa kumtsinje. Milomo inali ikuda, kachifuwa kakukoka patalipatali. Ndinamutikita, ndinawonjezera mpweya, ndinachita zonse za m'buku, koma ankangonditsetsereka m'manja ndikuona.

Ndipo pamenepo inenso ndinamva. Kunkachokera kuseri kwa khoma, chapansi. Sindinganene kuti kunali kulira, poti kulira kumafuna mpweya. Kanali kaphokoso kopyapyala, kosalekeza, kolowa m'mano. A Kachingwe anaima pakhomo osalowa. A Filesi anatseka makutu.

Edesi, amene chiyambire dzulo lake anali asanalankhule chomveka, anatsegula maso. Sanayang'ane ife, anayang'ana khoma.

"Mwapatsa mmodzi yekha," anatero.

"Gona, mwanawe," anatero a Filesi.

"Achemwali, inu simudziwa? Mapasa sapatsa mmodzi. Mwamumana mnzake, ndiye akubwera kudzatenga yekha."

Nonse mukudziwa zimenezi, ngakhale inu a m'tauni. Ukagulira mmodzi malaya, ugulirenso mnzake. Ukamenya mmodzi, mnzakeyo umukhudzeko ndi kamtengo komweko. Ife tinali titafunditsa mmodzi, tamuveka, tamudyetsa, mnzake ali m'dothi lozizira kuseri kwa khoma lomwelo. Sankaba. Ankangotenga theka lake.

A Kachingwe anali mkulu wa mpingo kwawo. Ndinawaona akulimbana ndi mtima wawo pakhomopo.

"A Nesi, zimenezi sindinaphunzire."

"Nanenso sindinaphunzire. Koma taonani mwanayu, ndipo taonani dzuwa."

Anakwera makwerero. Anachotsa pa mzere panelo lakumapeto, anasiya enawo akugwira ntchito yawo, ndipo ku panelo lokhalo analumikiza mawaya awiri aatali n'kuwatsitsira kuseri. Anatsika, anandipatsa sipanala ndi kachitsulo kakafupi, naima pangodya atafulatira, poti amuna safika. Ankandiuza zochita ali chifulatire. Kachitsuloko ndikhome kutalika kwa mkono kuchokera pa chitsulo chakale, waya wina ndimange pamenepo, winayo pa chakalecho, kuti magetsi azidutsa m'dothi la pakatipo.

Ndinagwada pa timaudzu tija. Dothi linali losalazidwa ndi manja, ndipo pambali pa chitsulo panali kasokosi koluka, kopanda fumbi ngakhale pang'ono. Sindinakakhudze. Ndinamanga waya woyamba. Pomanga wachiwiri ndinamva akukokedwa, osati mwamphamvu ayi, pang'ono chabe, mmene kamwana kamagwirira chala chako ukakaika m'dzanja lake. Ndinamanga msanga. Kaphokoso kaja kanaleka.

M'chipinda munamveka kuyetsemula, kenako kulira kwenikweni, kwaukali, kwa munthu wanjala. Kanali koyamba kuti kamtsikanako kalire mokweza. A Kachingwe anakhala pansi pomwepo pangodya, pa dothi, ndipo anakhalitsa asanadzuke. Mabatire anadya dzuwa lotsalalo, ndipo linakwanira.

Pochoka anandifunsa chinthu chimodzi chokha. Anati panelo lija usiku silipereka kanthu, nanga zikhala bwanji? Anayankha ndi Edesi ali pabedi. Anati ana akakhuta masana, usiku amagona.

Mwanayo anamutcha Msiyeni. Anakula, ngakhale sananenepe. Anali kamtsikana kochenjera, ka maso akuluakulu, kokonda kufunsa mafunso ochititsa manyazi. Edesi anachira nayamba kugulitsa zitumbuwa pachipata cha chipatala, ndiye mwanayo anakulira pamaso panga, akunditcha agogo a Nesi ngakhale ndinkamuopseza ndi jakisoni. Ndinkamukonda kwambiri, sindibisa. Chinthu chimodzi ndinachiona ndekha. Kukakhala dzuwa, Msiyeni ankathamanga bwalo lonse. Kukachita mitambo masiku otsatizana, ankafooka, kumangogona pamiyendo pa mayi wake, manja ali ozizira. Dzuwa likabwerera, nayenso ankabwerera. A Kachingwe akabwera kudzaona mapanelo, ankayamba kupukuta lakumapeto lija, modekha, ndi nsalu yawoyawo. Sitinakambiranenso za tsiku lija.

Koma anthu sakhalitsa. A Kachingwe anadwala shuga natisiya. A Filesi anatsatira amuna awo ku esiteti ya fodya. Anzanga akale onse anasamutsidwa mmodzimmodzi, kunabwera atsopano. Odziwa za panelo lija tinatsala awiri, ine ndi Edesi. Ndipo chakudza sichiimba ng'oma.

Linali tsiku lowala bwino, Msiyeni atayamba kale sukulu. Anali ataweruka, akusewera phada ndi anzake pansi pa zenera la chipinda chochirira. Ndinkamumva akuponya phale, akudumpha, akukangana kuti sanaponde mzere. Ine ndinali mkati ndi mayi wina amene mwana wake anabwera chamiyendo. Odziwa ntchitoyi mukudziwa kuti pamenepo suchoka, ngakhale nyumba ikupsa. Thupi linali litatuluka, mutu watsalira, manja anga onse awiri ali pa ntchito.

Ndiye ndinamva phazi padenga.

Palibe anatiuza kuti kubwera mmisiri. Anatumidwa ndi bungwe lina lothandiza kuti ayendere zipatala za kumidzi, aone ngati masola ali bwino. Anapeza mlonda pachipata, mlonda anamugwirira makwerero. Ndinamva akuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa mutu wanga, akuima, akuyendanso. Analowera chakumapeto. Anaima nthawi yaitali.

"Inu apadenga!" ndinakuwa. "Musakhudze lakumapetolo! Musadule!"

Koma mayi uja ankakuwa kuposa ine, ndipo malata ndi malata. Ndinakuwanso mpaka mawu anasasa. Kusiya mutu wa mwana uja kunali kupha anthu awiri. Sindinasiye. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, kete, ka pulayazi. Kenako kachiwiri, kete.

Mutu unatuluka. Mwana wa m'manja mwanga analira. Kunja phale linagwa pa dothi, ndipo palibe amene anadumpha. Kunali zii, kufikira pamene ndinamva mawu a Edesi kuchokera kuchipata, akuitana dzina la mwana wake mmene mayi amaitanira kamodzi kokha pa moyo wake.

Ndinatuluka magazi ali m'manja. Msiyeni anali chigonere pa mizere ya phada, mwendo umodzi utapinda ngati akufuna kudumpha. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma mwanayo anali wozizira kale, kuzizira kuja ndinakumva tsiku lija pa kabedi. Ndinamupopa, ndinamubaya jakisoni, ndinamuitana. Edesi anathamangira kuseri, anagwira mawaya odukawo akuyesa kuwaluka ndi zala ngati ulusi. Madzi akatayika saoleka.

Mmisiri uja anali asanaone kanthu, poti anatsikira mbali ina. Anali bambo waulemu, wa yunifomu yoyera bwino, wodziwa ntchito yake, ndipo sindinamusungire chakukhosi. Mmisiri aliyense akanachita zomwezo. Anazungulira nyumba akukulunga waya pamkono, nkhope ili mwee, akufuna woyang'anira kuti amuuze nkhani yabwino.

"Mayi, ndapeza vuto lalikulu," anatero asanaone chimene chinali pamiyendo panga. "Panelo lina linkangotaya magetsi m'dothi zaka zonsezi. Ndalibweza pa mzere. Tsopano onse ndi anu, simugawananso ndi wina aliyense."

Ndinakhalabe pa kachipatala kaja zaka zina zingapo. Madzi okolopera tinkathira kutsogolo, ndipo kuseri kuja timaudzu tinauma, pakhala gwaa ngati kwina konse. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira m'kachipinda ndikuyembekeza, mwinanso ndikupempha, kuti ndipeze kanyali kofiira, ndimve kuti pansi pali wina amene akufunabe kanthu kwa ife. Kanali kobiriwira tsiku lililonse. Mkaka sunachepenso m'kapu, ndipo palibe sokosi inasowanso. Wa m'dothi uja anali atatenga theka lake lenileni, mlongo wake.

Wonjezerani makala pa mbaulapo. Ndipo iwe wa pakhomo, bwera ukhale pafupi ndi mnzako.